Manja, makina kapena pateni: woluka ndi wowomba nsalu akwerere pati?

Aliyense woluka kapena wowomba nsalu amafika pena pamene manja ake sangafulumirenso kuposa pomwe afika. Ntchito ikutuluka yaudongo, anthu akuyamikira, maoda akubwera, koma m'thumba simukusintha. Ambiri akafika apa amayamba kuchezera, kuganiza kuti akawonjezera maola zinthu ziyenda. Musanayambe kuchezera, tiyeni tiwerengere kaye limodzi.

Tengani juzi ya munthu wamkulu, yolukidwa ndi ulusi wapakatikati woti pa masentimita 10 pamalowa masitichi 22 m'lifupi ndi mizere 30 m'litali. Ngati juziyo ikuzungulira thupi masentimita 100 ndipo ndi yotalika masentimita 60, mzere uliwonse uli ndi masitichi 220, ndipo mizere ilipo 180. Thunthu lokha, tisanafike ku mikono ndi kolala, ndi masitichi 39,600. Munthu woluka masitichi 30 pa mphindi, osaimirira n'komwe, atha maola 22. Ikanipo mikono, kulumikiza zigawo, kubisa nsonga za ulusi, kuchapa ndi kuyala pansi kuti iume ili m'maonekedwe ake, mupeza kuti sabata ya ntchito yathera pa chovala chimodzi. Wowomba nsalu nayenso ali ndi maola ake amene wogula sawaona. Nsalu ya masentimita 60 m'lifupi, yokhala ndi ulusi 8 pa sentimita iliyonse, imafuna ulusi wa m'litali 480, ndipo uliwonse uyenera kupimidwa, kukulungidwa ndi kulowetsedwa m'kabowo kake ndi dzanja ulusi wopingasa usanadutse ngakhale kamodzi.

N'chifukwa chake ine ndimati kukwera pa ntchito iyi kumayamba pamene anthu ayamba kukulipirani chifukwa cha zimene mukudziwa, osati chifukwa cha maola amene zala zanu zagwira. Njira zofikira pamenepo zilipo zingapo, ndipo iliyonse imakulandani kanthu kena.

Kukhalabe pa ntchito ya manja

Njira iyi ndiyo imakoka mtima wa ambiri, ndipo ndimaimvetsa. Munthu anayamba kuluka chifukwa chokonda ulusi m'manja, bwanji ausiye? Koma yang'anani malo amene ntchito ya manja ikudyetsabe mabanja, muona kuti pali china chimene chikuitchinjiriza. Nsalu ya Harris Tweed ya ku Scotland ili ndi lamulo lakelake la 1993, lonena kuti dzinali lingaikidwe pa nsalu yokhayo imene yawombedwa ndi anthu a pa zilumba za Outer Hebrides, kunyumba kwawo, pa zowombera zoyendera mphamvu ya munthu. Fakitale ingathe kupanga nsalu yofanana nayo, koma singaikepo chizindikirocho. Ku India kuli lamulo la 1985 limene limasungira owomba pamanja mitundu ina ya nsalu, ndipo kalembera wa 2019 mpaka 2020 anapeza anthu pafupifupi 3.5 miliyoni pa ntchitoyi, ambiri mwa iwo amayi. Kente ya ku Ghana, yowombedwa m'timizere topapatiza ta masentimita pafupifupi 10 tosokedwa pamodzi, imagulidwa chifukwa cha dzina ndi tanthauzo lake, ndipo mu 2024 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu.

Inu amene mulibe lamulo kapena dzina la dera kumbuyo kwanu muyenera kudzipangira dzina nokha, ndipo zimenezi zimatenga zaka. Kukwera pa njira iyi n'kusiya kuluka chilichonse chimene mwapemphedwa, n'kusankha chinthu chimodzi chimene makina wamba sachita bwino ndipo sitolo ilibe: chovala chopimira thupi la munthu mmodzi, shawelo yopyapyala ya maluwa ovuta, nsalu yopachika pakhoma, kapenanso kukonza juzi yamtengo wapatali yobooka moti mwini wake asaone pamene panali bowo. Ntchito yokonzayi ambiri amainyoza, chikhalirecho imatenga maola ochepa ndipo okhoza kuichita ndi owerengeka.

Alipo mabungwe amene amayesa luso la manja. The Knitting Guild Association ya ku United States ili ndi maphunziro a Master Hand Knitting a magawo atatu, pomwe wophunzira amatumiza zidutswa zimene waluka kwa akatswiri, iwo n'kumubwezera zimene sizinakhoze kuti abwerezenso. Handweavers Guild of America imapereka Certificate of Excellence kwa owomba. Ubwino wa mayeso otere ndi woti ntchito yanu imaonedwa ndi diso losakunyengererani. Koma satifiketi siibweretsa kasitomala pakhomo. Imakunolani, komanso imathandiza mukadzafuna kuphunzitsa.

Kumbukiraninso thupi. Mfundo za zala, mapewa, msana ndi maso ndizo makina anu pa njira iyi, ndipo zilibe sipeya. Amene akudalira manja okha akadwala mwezi umodzi, ndalama nazonso zimaima mwezi umodzi.

Makina apanyumba ndi kampani yaing'ono

Makina olukira si achilendo. William Lee anapanga oyamba, olukira masokosi, ku England mu 1589, ndipo mu 1733 John Kay anapanga kachipangizo koponya ulusi wopingasa ndi chingwe, kamene kanathandiza munthu mmodzi kuwomba nsalu yotambalala imene kale inkafuna anthu awiri. Masiku ano makina wamba apanyumba ali ndi singano 200 zotalikirana mamilimita 4.5, ndipo ena a ulusi wonenepa singano zake zimatalikirana mamilimita 9. Mukakankha chogwirira kamodzi, mzere wonse walukika. Thunthu lija la maola 22 limatha tsiku lisanapendeke.

Apa m'pamene anthu amathamanga kukatenga ngongole, ndipo apa m'pamene ndikufuna tichedwepo. Choyamba, makina amaluka zigawo zokha. Kulumikiza mapewa, kuika kolala, kusoka m'mbali ndi kusita zikudikirabe manja anu, ndipo juzi yotchipa imadziwikira pomwepo pa msoko. Chachiwiri, makina amodzi saluka ulusi wa mtundu uliwonse. Mukagula a mamilimita 4.5 mwasankhiratu kuluka zopyapyala, ulusi wonenepa sudzalowa. Chachitatu ndi sipeya. Kampani ya Brother, imene makina ake akadali ambiri m'manja mwa anthu, inasiya kuwapanga m'zaka za m'ma 1990, choncho ambiri amene amagulitsidwa ndi akale. Mukapita kukaona makina otere, sololani kandodo kaatali kamene kamapanikiza singano, kokhala ndi siponji pansi pake. Siponjiyo ikaphwa, singano zimadzuka, chogwirira chimakakamira pakati pa mzere, ndipo wogula wosadziwa amaganiza kuti makina afa pomwe chofunika n'kusintha siponji basi. Wodziwa tinthu totere amagula makina abwino motchipa, wosadziwa amapinda singano khumi tsiku loyamba.

Vuto lalikulu komabe si la makina, ndi la msika. Mukayamba kutulutsa majuzi ambiri pa sabata mwalowa m'bwalo limodzi ndi mafakitale komanso zovala zakaunjika, ndipo pa mtengo simungapikisane nawo. Amene amapulumuka ndi amene agwira maoda obwerezabwereza amene fakitale yaikulu imawaona kuchepa: yunifomu ya sukulu imodzi, majuzi a timu kapena a kampani okhala ndi chizindikiro chawo, zovala za makanda za sitolo imodzi. Langizo langa n'lakuti oda ibwere kaye, makina pambuyo. Bwerekani kapena lipirani kuti mugwiritse ntchito a mnzanu kufikira mutaona kuti maoda akubwerera.

Ndipo walira mvula walira matope. Bizinesi ikakula mudzalemba anthu, ndipo tsiku lanu lidzathera pa kugula ulusi, kutsata ngongole, kuyankha foni ndi kubweza ntchito yolakwika. Mudzapeza kuti sabata yatha musanakhudze singano. Ena zimawakomera, ena zimawapweteka mumtima. Amene safuna kusenza zonsezi okha amalowa m'gulu logwirira ntchito limodzi, kugula ulusi pamodzi ndi kulandira oda yaikulu imene mmodzi sakanaikwanitsa. Gulu lotere limayenda pokhapokha pali munthu wololedwa kukana ntchito ya mnzake ikakhala yosalongosoka, ndiponso mabuku a ndalama ali poyera.

Makwerero a m'fakitale

Iyi ndi njira imene oluka pamanja ambiri saiganizira n'komwe, ndipo ndikuona kuti amalakwitsa. Ndi yokhayo imene ili ndi masitepe ooneka. Munthu amayamba ngati wothandizira, kunyamula ulusi ndi kuuika pa makina, kenako amapatsidwa makina oti aziyendetsa. Kuchoka apo msewu umagawikana: ena amakhala akapitawo a shifiti mpaka oyang'anira ntchito yonse, ena amapita koyendera nsalu ndi kuyesa ubwino wake, ena amakhala amakaniko okonza ndi kutchera makina.

Ntchito ya woyendetsa makina owombera nsalu siifanana ndi kuwomba kumene mukukudziwa. Makina a Type G amene Sakichi Toyoda wa ku Japan anamaliza mu 1924 ankaima okha ulusi ukaduka, ndipo ndi makina otere munthu mmodzi amatha kuyang'anira makina ambiri nthawi imodzi. Amakono oponya ulusi ndi mpweya amatha kupitirira maulendo 1,000 pa mphindi. Woyendetsa amangoyendayenda pakati pa mizere ya makina, maso ali pa nyale. Nyale ikayaka amathamangira pomwepo, n'kusakasaka pakati pa ulusi zikwizikwi kuti apeze kachitsulo kamene kagwa, chizindikiro cha ulusi woduka. Amamanga kamfundo kakang'ono kosasomphoka, n'kudutsitsa ulusi m'mabowo ake, n'kuyatsanso. Amamuyesa potengera nthawi imene makina ake anaima ndi kuchuluka kwa zilema pa nsalu.

Pa sitepe imeneyi malipiro amakhala otsika, ndipo wosasamala akhoza kukalambira pomwepo. Amene amakwera ndi amene makaniko akabwera sapita kukakhala pansi, amaima pambali kuonerera ndi kufunsa chifukwa chake nsalu ikutuluka ndi mzere, kapena chifukwa chake singano imodzimodziyo ikuthyoka mobwereza. Ku mbali ya kuluka, sitepe yapamwamba ndi ya wolemba pulogalamu ya makina. Makampani monga Shima Seiki ya ku Japan ndi Stoll ya ku Germany anapanga makina oyendera kompyuta, ndipo mu 1995 Shima Seiki inaonetsa makina oluka chovala chathunthu chopanda msoko. Makina otere sachita kanthu popanda munthu wowauza kuti singano iti igwire, iti isamutse sitichi, ulusi ukokedwe motani. Apa woluka pamanja ali ndi mwayi umene wodziwa kompyuta yokha alibe, chifukwa akangoona chojambula amadziwiratu pamene nsalu idzapindike kapena kukoka. Ndikadafunsidwa ndi wachinyamata wa luso m'manja komanso wosaopa masamu, ndikadamulozera kumeneku.

Pali ntchito inanso ya m'fakitale yofuna maso akuthwa, yolumikiza kolala ndi zigawo za juzi mwa kubaya sitichi iliyonse pa dzino lake la makina ozungulira. Imatenga miyezi kuti munthu aizolowere, ndipo mafakitale opanga majuzi apamwamba amaifuna kwambiri.

Zolipira pa njira iyi n'zolemera, ndipo sindizibisa. M'chipinda chowombera nsalu phokoso limapitirira madesibelo 85, mlingo umene makutu amayamba kuwonongeka ngati munthu akhalamo maola 8 tsiku ndi tsiku osavala zotseka. Fumbi la thonje limayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa byssinosis. Pali mashifiti a usiku, ndi kuima tsiku lonse. Komanso mafakitale a nsalu amasamuka kutsata kumene ntchito ili yotchipa. Pamene malire a kuchuluka kwa nsalu ndi zovala zimene dziko lingagulitse kunja anachotsedwa pa 1 January 2005, maoda ambiri anapita ku mayiko a ku Asia ndipo mafakitale m'mayiko ena anatseka. Fakitale ikatseka, woyendetsa makina amatsala manja ali m'khosi, pomwe makaniko ndi wolemba pulogalamu amanyamula luso lawo kupita nalo kwina. N'chifukwa chake wolowa njira iyi alowe ali ndi cholinga chosakhalitsa pa sitepe yoyamba.

Kupanga mapateni

Mu 1804 Joseph Marie Jacquard wa ku Lyon anatulutsa makina owerenga makadi obowola, khadi lililonse likuuza chowombera ulusi woti ukwere ndi woti utsike. Kuyambira pamenepo maluwa a pa nsalu anatha kusungidwa ndi kugulitsidwa paokha, osadalira manja a wowomba mmodzi. Njira ya mapateni yagona pa mfundo yomweyo: mumagwira ntchito kamodzi, n'kuigulitsa kambirimbiri.

Ili pawiri. Yoyamba ndi kulemba mapateni a oluka pamanja, kutanthauza malangizo a kalukidwe ka chovala, n'kuwagulitsa pa intaneti, monga pa Ravelry, imene inayamba mu 2007, kapena pa Etsy. Polowera ndi potseguka kwa aliyense, ndipo limenelo ndilo vuto lake, chifukwa mapateni ndi ochuluka zedi ndipo ambiri ndi aulere. Ntchito yeniyeni si kuganiza maluwa okongola, koma kuwerengera. Juzi imene munadzilukira iyenera kulembedwa m'masaizi ambiri, ndipo thupi silikula mofanana paliponse: chifuwa chikakula, mapewa ndi mikono sizikula pa mlingo womwewo. Nambala imodzi yolakwika imawonongetsa munthu wina ulusi ndi masabata. Pamafunikanso zithunzi zabwino, oluka ena oyesa pateniyo isanatuluke, ndi chilankhulo chimene ogula amawerenga, makamaka Chingerezi. Ndalama zimabwera pang'onopang'ono, ndipo sindingalangize munthu kusiya ntchito ina chifukwa cha pateni imodzi imene yayenda bwino. Mkati mwa njira yomweyi muli ntchito yobisika imene ndimaiona yodalirika kuposa kupanga mapateni: kuyendera masamu ndi malangizo a mapateni a ena asanawasindikize. Dzina lanu silimveka, koma mumalipidwa ntchito ikangotha, pateniyo igulidwe kapena isagulidwe.

Yachiwiri ndi kulembedwa ntchito yopanga nsalu kapena zovala zoluka pa kampani. Kumeneku kawirikawiri amafuna dipuloma kapena digiri ya za nsalu, pamodzi ndi chikwatu cha zidutswa zoonetsa zimene mungathe. Sukulu imadya zaka ndi ndalama, koma imakupatsani makina akuluakulu oti muyeserepo, komanso anthu okudziwani. The Textile Institute, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1910, limapereka maudindo aukatswiri amene amaganiziranso zaka zimene munthu wagwira ntchito, choncho wochokera pansi m'fakitale ali ndi khomo lolowera. Palinso owerengeka amene amafika poonetsa nsalu zawo m'nyumba za zaluso, monga Anni Albers amene mu 1949 anaonetsa ntchito zake payekha ku Museum of Modern Art ku New York, koma pamenepo si poti munthu angamangirepo bajeti.

Za kuphunzitsa sindichulutsa mawu. Kumagwirizana ndi njira ina iliyonse, sikufuna mpamba waukulu, ndipo ola limodzi lanu limalipidwa ndi anthu angapo nthawi imodzi. Chofunika n'kudziwa kuti kuluka bwino ndi kuphunzitsa bwino ndi maluso awiri. Mphunzitsi ayenera kuona sitichi yopotoka pa singano ya wophunzira n'kudziwa chimene chala chinalakwitsa, komanso akhale wokhoza kuthandiza wamanzere.

Nanga musankhe iti?

Dzifunseni chimene simungapirire kuchitaya. Ngati ndi ulusi m'manja, khalani pa manja, koma chepetsani mitundu ya zimene mumapanga, kwezani mtengo, ndipo phatikizanipo kuphunzitsa kapena kukonza kuti zala zipumeko. Ngati chimene mukufuna ndi malipiro odziwika mwezi ndi mwezi chifukwa muli ndi anthu okudalirani, fakitale ndiyo yoona, bola maso akhale pa umakaniko kapena pulogalamu. Makina apanyumba ndi a munthu amene kugulitsa sikumutopetsa ndipo ali kale ndi oda m'manja. Mapateni ndi a munthu wokonda masamu ndi kulemba, amene ali ndi kwina kopezera chakudya pa zaka zoyamba.

Njirazi zili ndi tinjira tolumikizana, koma situyendeka mofanana mbali zonse. Kuchoka m'fakitale kukatsegula kampani yanu n'kosavuta, chifukwa mumatulukamo mukudziwa makina, ogulitsa ulusi ndi kawerengedwe ka mtengo. Kuchoka pa manja kupita pa makina apanyumba kumatenga miyezi ingapo ya kugwetsa masitichi ndi kumasula. Kulowa m'fakitale munthu atakula ndiko kovuta, poti mashifiti amafuna thupi ndipo mumayambira pansi ngakhale mutakhala katswiri wa singano. Choncho wachinyamata amene akukayika ayambe ndi kumene khomo lake limatsekeka msanga, manja adzawapeza akadalipo.

Musanasankhe, tengani kope mulembe zinthu zitatu kapena zinayi zimene mupange kuyambira lero: ulusi umene walowa, maola onse kuphatikizapo opita kukagula ndi okambirana ndi kasitomala, ndi ndalama zimene mwalandira. Chotsani mtengo wa ulusi, zotsalazo mugawe ndi maola. Nambala imene ituluke muiyerekeze ndi malipiro a pa ola a woyendetsa makina kapena a mphunzitsi wa ntchito zamanja kumene muliko.